Tsiku Limene Ndinakonza Pulogalamu ndi Tsache M'manja

Mphezi indiwombe pompano ngati ndinamepo! Nkhaniyi ndi yamanyazi, abale anga, koma liwu lililonse ndi loona.

Mu 2005 ndinkasesa ndi kuphika tiyi pa kakampani kena ku Kya Sand, dera la mafakitale kudziko la eni. Anyamata ake ankalemba mapulogalamu a pakompyuta. Pakona panali nyale ziwiri, yofiira ndi yobiriwira, zolumikiza ku kabokosi. Ikayaka yofiira, aliyense nkhope gwa, tiyi wanga kuzizira m'makapu. Ikayaka yobiriwira Lachisanu, ankatumiza apudeti, pulogalamu yokonzedwanso, kwa makasitomala, bwana n'kuyatsa braai yowotchera nyama, nyama yotsala n'kukhala yanga.

Sabata imeneyo ndinali nditalonjeza Estere, mkazi amene ndinkamufunsira ku Zandspruit, kuti ndimupititsira nyama ya kuofesi. Lachisanu m'mawa, nyale psuu!

Ndinapita kwa Mulenga, katswiri wawo wa ku Lusaka.

"Achimwene, nyama ilipo lero?"

"Mudala, iwalani. Pulogalamu ili ndi bug, yalakwika penapake. Mpaka iyake green."

Iyake green basi? Atalowa onse mumiting'i ndinagwada ngati ndikusesa, n'kusinthanitsa mawaya a nyale zija. Biriwiri! Ine wa Sitandade 5, ndatha zokanika anthu a madigiri!

Potuluka, Mulenga anakuwa, "Yadutsa!" Aliyense anayesa kuti wakonza ndi mnzake. Apudeti inatumizidwa kwa kampani ya malole onyamula katundu. Makala anayaka panja.

Nyama isanapse, foni inalira. Pulogalamu yatsopanoyo inali kutumiza malole onse kutali ku Polokwane, ngakhale onyamula katundu wa pa Randburg pompa.

Onse anathamangira m'kati. Mulenga anaipeza bug ija, anaikonza. Nyale psuu!

"Eish!"

Anabwezeramo bug ija kuti aone. Biriwiri! Anaichotsanso. Psuu!

"Mulenga," anatero bwana, "ukundiuza kuti pulogalamuyi imachira ikadwala?"

"Sir, panopa ngakhale dzina langa sindikulidziwa."

Anazimitsa kompyuta, anayatsanso. Anafufuta chida chawo choyesera mapulogalamu, anaikanso chatsopano. Chimodzimodzi. Wina anayamba kupemphera m'Chizulu. Inenso mutu unazungulira: akuvutikiranji ndi makiyibodi, chonsecho mawaya ali apa?

Kenako fungo linalowa pawindo. Nyama ya Estere inali kupserera!

Ndinatukula chifuwa. "Bwana, musavutike. Izi ndimazitha ine."

Ndinagwada pamaso pa onse, n'kusinthanitsa mawaya. Biriwiri!

"Mwaona? Ngati m'mawa muja. Tiyeni tikadye."

Bwana anakomoka, anagwera mu binu ya mapepala.

Mulenga anandigwira paphewa. "Mudala, nyale sikonza kanthu. Imangonena ngati pulogalamu ili bwino kapena ayi. Mwaiphunzitsa bodza."

Ntchito sinathe, mwayi wa Mulungu. Koma Lolemba anatulutsa apudeti ina, yopangira ine ndekha: loko wamkulu pa kabokosi kaja.

Nyama ndinapititsabe ku Zandspruit, yakuda bii. Estere anatsegula pepala, anainunkhiza, n'kundiyang'ana.

"A Phiri, zikomo kwambiri chifukwa cha makala. Nanga nyama munalonjeza ija ili kuti?"

Munthu wanjala musamamusiye yekha pafupi ndi mawaya.

Koma zoti bwana anakomoka zija ndawonjezera. Anangonditukwana m'Chibunu.