Bambo Kowalke, Amene Ankaonera Mpira ndi Nkhongo

Aliyense mumzinda muno akudziwa kuti malemu a Leland Kowalke anakhala pa mpando umodzimodzi m'bwalo la mpira wa ku America, uja woponya ndi manja, kwa zaka makumi atatu ndi zinayi, koma sanaonepo ndi maso awo mpira ukuponyedwa. Woponya mpira wa timu yathu, munthu amene dzanja lake limasenza chiyembekezo cha mzinda wonse, akangobwerera m'mbuyo n'kukweza mkono, a Kowalke ankatembenuka msangamsanga n'kuyang'ana khoma la simenti, manja ali pachifuwa. Mtima wawo sunkatha kupirira kamphindi kamene mpira uli m'malere, usanadziwike mwini wake. Pamaliro awo m'busa atanena kuti malemuwa ankakonda mpira, wina kumbuyo ananong'ona kuti, "Akanauona, akanausiya kalekale."

Maso awo anali Darlene Pruitt, mayi woyendetsa basi ya ana asukulu, amene mpando wake unagundizana ndi wawo.

"Darlene, waponya?"

"Waponya, bambo."

"Uli m'mwamba?"

"Uli m'mwamba."

"Usandiuze! Iwe, ndiuze, ukudikira kuti ndife kaye?"

Kwa zaka zambiri ntchitoyi inali yopepuka. Inayamba kulemera pamene Dell Mabry, woponya amene anatitumikira zaka zisanu ndi chimodzi, anayamba kupatsa adani mpira ngati munthu wogawa mphatso za Khirisimasi. Chaka chathachi timu inapambana katatu kokha. Kometera tsitsi, pakhomo la tchalitchi, ngakhale poimika magalimoto pamene anthu amawotcha masoseji masewero asanayambe, funso linali limodzi: kodi Mabry agulitsidwe kumatimu amene akumufunabe, kuti tipeze mwayi wosankha anyamata a ku koleji n'kumanga timu yatsopano? Darlene ankati agulitsidwe, ndipo tiyenera kuvomereza kuti mfundo yake inali yolimba. Nyumba imene maziko ake ang'ambika siichira ndi penti. Komabe mfundo yolimba ili ndi vuto lake: siyang'ana nkhope ya munthu amene wakhala pambali pako.

Mwezi wa Ogasiti a Kowalke anachitidwa opaleshoni ya mtima. Dokotala anawaletsa kupita kubwalo, iwo anamuthokoza mwaulemu, ndipo Lamlungu loyamba anali pa mpando wawo. Anaonetsa Darlene kabotolo ka mankhwala.

"Ukaona ndagwa, kali m'thumba lakumanzereli. Koma masewero akakhala pabwino, yamba wandiuza zigoli."

Kuyambira tsiku limenelo Darlene, mayi amene sananamizepo ngakhale mwana wa sitandade wani, anasanduka wabodza. Mabry akaponyera mdani, bwalo lonse n'kubuula, iye ankayang'ana thumba lija.

"Chachitika n'chiyani? Anthu akulira chiyani?"

"Mphepo, bambo. Waponya bwinobwino, koma mphepo yaukhotetsa."

Mlungu wotsatira anati wolandira mpira ndiye waterereka. Tsiku lina kunalibe mphepo ngakhale yogwedeza mbendera, ndipo palibe anaterereka. Darlene, atasowa pogwira, anati mpira wagunda nkhunda.

Chovuta chinali chakuti Lolemba lililonse m'mawa a Kowalke ankaimba foni ku wailesi ya zamasewero. Darlene ankawamva ali pachiwongolero.

"Mnyamatayo alibe mlandu!" ankakalipa choncho. "Ngati mukufuna kugulitsa, gulitsani mphepo! Nanga nkhunda za m'bwalo muja akuzidyetsa ndani?"

"Agogo," anatero muulutsi, "kodi inu ndi ife timaonera masewero amodzi?"

"Ine ndili ndi mboni yokhulupirika!"

Mboniyo inatsala pang'ono kulowetsa basi mu ngalande.

Mu Novembala zinthu zinafika poipa. Kamera ya m'bwalo inajambula nkhalamba itafulatira pamene Mabry ankaponya, ndipo chithunzicho chinaoneka pa kanema wamkulu. Anthu anaganiza kuti ndi chionetsero. Mlungu wotsatira mbali yathu yonse inafulatira nawo, ena atavala malaya ojambulidwa dazi la a Kowalke ndi mawu akuti TATOPA KUONERA. A Kowalke atatembenukira khoma monga mwa masiku onse, anapeza anthu zikwi ziwiri atatembenuka nawo.

"Kodi nonsenu mwadwala mtima?"

"Mdala, ndinu mtsogoleri wathu!" anakuwa mnyamata wina wopaka utoto kumaso. "Mabry achoke!"

"Ndani wakutuma, chitsiru iwe? Tembenuka uonere mpira, maso uli nawo!"

Darlene sanagone bwino milungu imeneyo. Akanena zoona, mwina awapha. Akapitiriza bodza, mkulu wolemekezeka akhala choseketsa cha mzinda wonse chifukwa cha nkhunda zake, ndipo tsiku lina adzamva choonadi kwa munthu wopanda chifundo.

Pa masewero otsiriza, mu Januwale, chipale chofewa chikugwa, Mabry anaponyeranso mdani. Bwalo linabuula.

"Nkhunda?" anafunsa a Kowalke, akuyang'ana khoma.

Darlene anayandikiza dzanja lake ku thumba lakumanzere lija. "Ayi, bambo. Waponyera mdani m'manja mwenimweni. Kachitatu lero. Ndakhala ndikukunamizani kuyambira Seputembala, ndipo ine ndikufuna agulitsidwe."

Mapewa a nkhalamba anayamba kugwedezeka. Darlene anatulutsa kabotolo asanazindikire kuti a Kowalke akuseka.

"Mwanawe, ine ndine wamantha, osati wogontha. Nkhunda ikagunda mpira, anthu satukwana Mabry."

"Ndiye pa wailesi paja mumatani?"

"Ndimateteza mboni yanga. Tandiuza, timu yatsopanoyo mumati itenga zaka zingati kuti ikhwime?"

"Zinayi. Mwina zisanu."

"Dokotala wandipatsa chimodzi, ndipo ndi munthu waulemu, ndikuganiza anawonjezerako. Inu dikirani anyamata a ku koleji, mukulondola ndithu. Koma Mabry, kamodzi pa kasanu, amakukuwitsani ndi chimwemwe, ndipo ine ndimachimva kumsana kuno. Bweza kabotoloko. Waponya?"

"Waponya, bambo."

A Kowalke anamwalira mu Malichi. Mabry anagulitsidwa mu Epulo. Darlene amanenabe kuti chinali chisankho choyenera, ndipo wofuna kutsutsana naye akonzekere bwino. Mnyamata watsopano woponya mpira akuphunzira, kutanthauza kuti tikugonjabe, koma mwaulemu wa anthu amene ali ndi pulani. Wailesi ya Lolemba yadzaza ndi anthu anzeru, ndipo ndi yosasangalatsa. Mpando uja unagulidwa ndi bambo wina wofatsa amene amaona zonse yekha ndipo safunsa kanthu.

Lamlungu lathali, mnyamata uja atabwerera m'mbuyo n'kukweza mkono, Darlene anazindikira kuti akuyang'ana khoma la simenti. Pali mng'alu waung'ono pamenepo umene anali asanauonepo. "Uli m'mwamba?" anafunsa. Palibe anayankha, choncho anagwira pachifuwa n'kumvetsera.