A Chiyambi ndi Ngwazi Zosatuluka Pakhomo

Mlamu wanga telala, amene tonse tinkawatchula kuti a Chiyambi, anali ndi nthenda imodzi yosachizika: sankalola kanthu kuyamba asanamve kumene kachokera. Mukabwera ndi thalauza long'ambika, singano sinkalowa pansalu mpaka mutafotokoza kuti linang'ambika bwanji, munkathawa ndani, ndipo munthuyo munamulakwira chiyani. Makasitomala ankapirira chifukwa dzanja linali labwino. Ife anzawo a masewero tinkapirira chifukwa chiyani, sindikudziwa bwinobwino. Mpaka lero ndikawakumbukira, kutopa ndiko kumayamba kufika, chisoni n'kubwera pambuyo.

Masewero ake anali otere. Loweruka masana ankatseka theka la chitseko cha shopu, ife n'kukhala mozungulira tebulo lodulirapo nsalu. Aliyense ankakhala ngwazi yongopeka, munthu wamba amene amabisa nkhope, kuvala zachilendo, n'kumalimbana ndi zigawenga zimene zakanika apolisi. A Chiyambi ndiwo ankasimba zochitika mumzinda wongopekawo, ife n'kumanena zimene ngwazi zathu zichite, kenako kuponya madayisi kuti tione ngati zatheka. Tinalipo atatu. Ine wokonza mafiriji ndinali Nungu. A Ometa a shopu yoyandikana nayo anali Lumo. A Namwino, amene ankabwera molunjika kuchokera kuntchito nsapato zoyera zili kuphazi, anali Mayi Tsabola.

Tsiku loyamba lenilenilo anatiutsa magazi. Anatsitsa mawu, n'kuloza kudenga ndi sizasi.

"Bwana Chidzimbiri wakwera pamwamba pa thanki ya madzi a mzinda wonse. M'manja wanyamula chigubu cha poizoni. Wachotsa kale chivindikiro."

"Tiyeni!" anakuwa a Ometa, mpando n'kugwa kumbuyo.

"Khalani pansi, aneba. Mukupita ngati ndani? Munthu wabwinobwino sadzuka m'mawa n'kuvala nsalu kumaso popanda chifukwa. Chinachitika n'chiyani?"

Apa m'pamene tinamva lamulo lawo. Ngwazi situluka pakhomo chiyambi chake chisanamveke, ndipo chikamveka pang'ono, iwo ankasoka chovala pang'ono. Yankho limodzi labwino, lamba. Lina labwino, kolala. Chovala chikakwanira, ndiye kutuluka. Zovalazo zinali zenizeni, zosokedwa ndi nsalu zotsala za makasitomala, moti mkanjo wa Lumo unali wa katani wa maluwa achikasu wa m'nyumba ya munthu wina wake. Tinaseka, tikuyesa kuti ndi nkhani ya sabata imodzi.

A Ometa ndiwo anayamba kupereka chiyambi chawo, pachifuwa atatukumula.

"Lumo anamenyedwa ndi mphezi akumeta munthu. Kuyambira pamenepo zala zake zimadula chitsulo."

A Chiyambi anavula magalasi n'kuwapukuta ndi kansalu, chizindikiro chakuti zinthu sizili bwino.

"Aneba, mphezi imamenya anthu chaka ndi chaka. Amapita kuchipatala, akachira mvula ikamagwa amabisala m'nyumba. Sapita kukasoketsa mkanjo. Ndiye kasitomala uja, mutu unatha kumetedwa?"

"Kasitomala alibe ntchito m'nkhaniyi!"

"Alibe ntchito? Munthu akuyenda m'tauni tsitsi lili mbali imodzi, inu mukuti alibe ntchito? Tiyambire pa iyeyo."

Nyengo yonse ya mvula inathera pa kasitomala. Tinadziwa ntchito yake, apongozi ake, ndi chifukwa chimene anakametera tsiku la mitambo. Lumo anapezapo mkanjo wa katani uja, koma chophimba kumaso ayi.

Ine ndinaganiza zochenjera. Ndinati Nungu ndi mwana wamasiye, makolo ake anaphedwa ndi zigawenga, ndiye akufuna kubwezera. Nkhani yaifupi, yomveka, yosafuna mafunso.

"Iyayi, alamu," anatero akupukusa mutu. "Musamaphe anthu pofuna kufupikitsa nkhani. Amayi ake a Nungu ali moyo, ali ndi mphamvu zawo, ndipo akhala pakhonde. Mukawadutsa, mwatuluka."

Anatola chidutswa cha nsalu, n'kumanga kumutu ngati duku, manja n'kuika m'chiuno.

"Iwe! Ukupita kuti utavala ngati tsache?"

"Ndikukapulumutsa mzinda, amayi."

"Mzinda! Mpopi wakuseri ukudontha chiyambire mwezi watha, iwe ukuti mzinda? Mzindawo unakuyamwitsa?"

"Amayi, anthu afa ndi poizoni."

"Afe atasamba. Ponyani dayisi, alamu."

Dayisi inagwera pa wani. Nungu, munthu woopsa wa minga pamsana, anabwerera kukakonza mpopi. Amayi amenewo ndinalimbana nawo zaka. Tsiku lina ndinayesa kutulukira pawindo, ndinawapeza akuyanika zovala pansi pa windo lomwelo.

A Namwino okha ndiwo anangotsala pang'ono kuwagonjetsa. Loweruka limenelo anafika maso ali psu, anakhala pampando ngati thumba la simenti, osavula n'chikwama chomwe.

"Achemwali, Mayi Tsabola anayamba bwanji?"

"Anatopa."

"Anatopa ndi chiyani?"

"Ndi anthu ofunsa mafunso."

A Chiyambi anaseka mpaka kutsokomola. Anapita pamakina nthawi yomweyo, n'kusoka chophimba kumaso chofiira, chokongola ndithu. Ife tinaomba m'manja, tikuti mmodzi wa ife watsegula njira. Sabata yotsatira anawalandira a Namwino pakhomo, tepi yoyezera ili m'khosi.

"Ndaganizira nkhani ija, achemwali. Munthu wotopa amagona. Nanga uyu bwanji akukwera madenga?"

A Namwino anayang'ana nsapato zawo zoyera nthawi yaitali. Yankho lake linawatengera chaka, ndipo litabwera linali la iwo eni, la wodi yodzaza ndi odwala imene sungaisiye ngakhale miyendo ikukana. Anapezapo malaya.

Nthawi yonseyi Bwana Chidzimbiri anali pathanki pompaja. Ana athu anasintha makalasi, shopu inapakidwa penti kawiri, a Ometa anamera imvi n'kuyamba kuzidaya, munthu ali chiimire ndi chigubu chake.

"Koma mkono sunamutope?" anafunsa a Ometa tsiku lina.

"Wasinthira kumanzere."

"Poizoni ameneyo anatha mphamvu kalekale," anatero a Namwino. "Akatsanula, anthu angotsegula m'mimba basi."

"Ndiye palibe chothamangira," anayankha a Chiyambi mokondwa. "Tibwerere kwa agogo ake a Lumo."

Kunena zoona, ine ndinatopa. Sabata yonse ndinkagwada kuseri kwa mafiriji a anthu, kupuma fumbi ndi mphemvu, ndiye Loweruka n'kukagwadanso pamaso pa amayi ongopeka. Sindinkafuna zambiri. Ndinkangofuna kuti Nungu atuluke pakhomo kamodzi kokha, aponye chibakera chimodzi, ndisanafike pogwira ndodo. Kangapo ndinalumbira kuti sindipitanso. Mkazi wanga, amene ndi mlongo wa a Chiyambi, ankangondipatsa chipewa n'kunena kuti, "Pitani, achimwene aika kale mipando." Ndinkapita ndikung'ung'udza njira yonse.

Loweruka lina ndinafika mutu utatentha kale. Chovala cha Nungu chinali pakhoma: lamba, chipewa cha minga ya mapulasitiki, ndi golovesi limodzi, lakumanja.

"Alamu, tinalekezera pati? Eya. Nungu anakwiya liti koyamba?"

Sindinapeke kanthu tsiku limenelo, mphamvu yopekera inali itatha.

"Anakwiya tsiku limene anamulanda bokosi la zipangizo dzuwa likuswa mtengo, pamsewu wodzaza anthu. Anakuwa. Anthu amene anawakonzera mafiriji anangoima n'kumaonerera. Wina anali akudya nthochi, sanaleke n'kutafuna komwe."

Onse ankadziwa kuti bokosilo linali langa, koma sindinali nditauzapo munthu za nthochi ija, ngakhale mkazi wanga. A Chiyambi sanavule magalasi. Anadzuka mwakachetechete, anandigwira dzanja lamanzere, analiika pansalu n'kulizunguliza ndi choko. Makina analira kwakanthawi. Golovesi lachiwiri linandikwana ngati ndinabadwa nalo. Ndinamva kupepuka pachifuwa, ndipo ndinakwiya kuti ndapepukidwa.

"Ndiye ndituluke?"

"Opanda thalauza? Alamu, ulemu pang'ono. Tsopano, wa nthochi uja, anali ndani?"

Matenda anawayamba pang'onopang'ono. Ulusi unayamba kukana kulowa pasingano, kenako miyendo inatupa, kenako tinamva kuti awagoneka. Ndinapita kukawaona nthawi ya masana yoonera odwala, ndipo nditaona mmene anachepera pabedi paja, ndinasiya za ulemu.

"Alamu, tiloleni tituluke. Kamodzi kokha. Taonani takalamba."

Anandiyang'ana, n'kumwetulira ndi mbali imodzi ya pakamwa.

"Mawa mubwere nonse. Musaiwale madayisi."

Tinabwera atatu tonse. A Ometa anabisa mkanjo wa katani m'jumbo, a Namwino anakoka makatani a bedi kuti anzawo a ntchito asawaone. Madayisi tinaika pambale yachitsulo. Mawu a a Chiyambi anali ochepa, tinachita kuwerama kuti timve.

"Amayi ake a Nungu agona tulo pampando. Lumo wamaliza kumeta kasitomala uja. Mayi Tsabola wamanga nsapato. Chitseko chatseguka, ndipo kutali uko thanki ikuoneka."

Mtima wanga unagunda ngati wa mwana. Ndinatola dayisi.

"Nungu waponda phazi panja," ndinatero.

"Waponda," anavomera. Anatseka maso, ndipo tinayesa kuti agona. Kenako anawatsegula. "Koma alamu, akabwerako adzabwerera kwa ndani? Munthu sutuluka usakudziwa zimenezo."

"Alamu!"

Belu lotulutsa alendo linalira. A Namwino, amene akanatha kupempha kuti atiwonjezere mphindi zingapo, anangotola madayisi. Tili pakhomo pa wodi ndinacheuka, ndinaona a Chiyambi akuseka okha, mapewa akugwedezeka pansi pa bulangete. Sabata isanathe anatisiya.

Shopu inatengedwa ndi mnyamata wogulitsa machaja ndi zikwama za mafoni. Loweruka lomaliza makiyi asanaperekedwe, tinagwirizana kuti tikamalize zimene tinayamba. Makina anali atachotsedwa kale, pansi patatsala zipsera za miyendo yake. Tinavala zimene tinali nazo. A Ometa anakhala pampando wa malemu kuti ayendetse masewero, ndipo a Ometa ndi munthu wachangu, mutu wa munthu amaumaliza wina asanamalize kupereka moni.

"Mwatuluka. Mwafika pathanki. Mukwera?"

"Tikwera."

"Ponyani. Mwakwera. Nungu, utani?"

"Chibakera."

"Ponyani. Chamupeza. Chidzimbiri wagwa, chigubu wachiwakha Mayi Tsabola. Mzinda wapulumuka."

Basi. Tiyi amene a Namwino anathira tisanayambe anali akufukabe nthunzi. Chibakera chimene ndinachilirira zaka zonsezo chinadutsa ngati kuyetsemula. Tinakhala tikuyang'ana tebulo, anthu atatu achikulire ovala makatani a eni ake. A Ometa anakanda pakhosi, n'kufunsa ngati tikufuna chigawenga china. Tinangoyamba kutolera madayisi.

Masiku ano ndikadutsa pamenepo, mnyamata wa machaja amandipatsa moni mwaulemu. Ndi mwana wabwino. Ukamuuza kuti chaja yafa, amakupatsa ina, osafunsa kuti inafa bwanji. Anthu amalowa n'kutuluka ngati pa chipata cha depoti, ndipo msewu wonse ukuoneka kuti unafupika. A Ometa timangokwezerana dzanja. A Namwino ndimamva kuti Loweruka amagona.

Tsiku tinamaliza masewerolo ndinafika kunyumba dzuwa likadali pamutu. Mkazi wanga anali akusita zovala, ndipo anadabwa kundiona.

"Mwabwera msanga bwanji? Kwagwanji?"

"Tapambana."

Anaimika ayironi, n'kundiyang'ana kuyambira kuchipewa cha minga mpaka kumagolovesi, amene ndinaiwala kuvula njira yonse.

"Achimwene akanakhalapo sakanakulolani," anatero, n'kutembenukira kukhoma.

Ndinakhala pansi pafupi naye. Kunja kunali kukadali masana, Loweruka lonse lili patsogolo panga, ndipo ndinalibe kopita.