Tsiku Limene Ndinadzaza Timabokosi ta Alamu Anga

Anzanga, sekani mmene mungathere, koma mudziwe kuti pa mawu onse aja palibe ngakhale limodzi limene ndinalakwitsa. Mukafunse Katete yense.

Nkhaniyi inayamba ndi alamu anga a Phiri, achimwene ake a mkazi wanga, aphunzitsi opuma. Munthu ameneyu ali ndi nthenda imodzi: timabokosi ta m'nyuzipepala, tija toyera ndi takuda, tolembamo mawu a Chingerezi, ena chopingasa ena chotsika. Amakhala pakhonde tsiku lathunthu, cholembera kukamwa, nkhope ngati alandira uthenga wa maliro. Ine ndinalekeza giredi folo, ntchito yanga ndi kupalasa njinga yonyamula anthu ndi katundu pa sitesheni, ndiye ndikangofika iwo ayambapo: "Alamu, khalani patali, mungadetse Chingerezi."

Tsiku lina zinandikwana. "Aphunzitsi, kanthu aka n'komwe kakudyerani tsiku lonse? Ine tiyi asanazizire ndamaliza."

"Inu? Amene mumasaina ndi chala?"

"Chala chomwecho chikulizani."

Tinapangana pamaso pa a Tembo, mkulu wa mpingo. Ndikadzaza timabokosi tonse, alamu andikweza pa njinga yanga, iwo n'kumapalasa atavala tayi, kudutsa pakati pa msika. Ndikalephera, ine ndizikawatula kutchalitchi Lamulungu lililonse mpaka dzinja lithe. Ndipo alamu si munthu wopepuka ayi, ndi matumba awiri a thonje otsendera bwino.

Manje mukuyesa ndinalibe nzeru? Nyuzi za alamu amatumiza ndi mwana wawo wa ku Lusaka, mtolo wa sabata yathunthu pa minibasi, ndipo wokatenga pa sitesheni ndani? Ine! Komanso mkazi wanga Naphiri amakulungira vitumbuwa m'nyuzi zakale za alamuwo, ndiye ndinali nditaona kale kuti mayankho a lero amatuluka m'nyuzi ya mawa, kabokosi kakang'ono kodzaza kale pakona. Loweruka mtolo utafika ndinakhotera kuseri kwa chigayo, kumasula chingwe, kung'amba kakona ka nyuzi ya Lachiwiri pomwe panali mayankho a Lolemba, n'kukamata ndi chingamu m'kati mwa chipewa changa, basi kumanganso mtolo bwinobwino ngati sunakhudzidwe.

Ndinapeza khonde ladzaza: a Tembo, aphunzitsi ena awiri, ndi Naphiri amene anasiya vitumbuwa kuti adzaone mwamuna wake akukwezedwa.

"Tiyambe ndi ya Lolemba," ndinatero. "Zinthu zimafuna dongosolo."

Alamu analowa m'nyumba ndi nyuzi ija, n'kutuluka atadula timabokosi bwinobwino ndi lezala. Ine ndinavula chipewa monga munthu woleredwa pamaso pa akulu a mpingo, n'kuchiika pabondo chagada. A Tembo mpaka kuyamikira: "Onani mwambo uwu!"

Ndiye ndinagwira pamphumi, mutu pansi ngati ndikuganiza zozama, diso m'chipewa, dzanja papepala. Chilembo ndi chilembo, ngati kubzala mtedza pamzere: phando, mbewu, phando, mbewu. Alamu anatsegula pakamwa kuti anene kanthu.

"Chete, aphunzitsi, musandibalalitse mutu!"

Patapita kanthawi anakhosomola. "Koma alamu..."

"Mwayamba kale kuopa? Pitani mukapope matayala."

Tiyi akadali kufuka ndinaponya cholembera pansi. "Ndamaliza! Naphiri, kawatengere tayi achimwene ako."

Alamu ndi aphunzitsi anzawo awiri aja anaunjika mitu papepala, zala kuyenda. Mmodzi anadzutsa mutu nati, "Onse ali bwino." Ine chifuwa kutsogolo, mwendo pa mwendo.

"Zoona ali bwino, alamu," anatero a Phiri mofatsa. "Koma mwayankha chiyani?" Anapisa m'thumba la shati n'kutulutsa kapepala kopinda. "Mafunso ake ali kuno. Ndinawadula kuti ndizikuwerengerani limodzilimodzi, poti inu ndi timalemba tating'ono simugwirizana. Simunandilole n'komwe kuyamba."

Mafunso! Anthuni, ndani anandiuzapo kuti kanthu kaja kali ndi mafunso? Ine zaka zonsezi ndimayesa munthu umangoyang'anitsitsa timabokosi, cholembera kukamwa, mpaka mawu abwere okha, si ndi zomwe ndimawaona akuchita? Timalemba tam'mbali tija ndimati n'zotsatsa malonda.

Koma kugonja ine? Ayi. "Munthu wodziwa sadikira funso, aphunzitsi."

"Chabwino. Apa mwalemba walrus. N'chiyani chimenechi?"

"Feteleza," ndinayankha osaphethira. "Wobereketsa."

Khonde lonse phu! Mmodzi wa aphunzitsi aja, akutsamwa ndi tiyi, anati ndi nyama ya m'nyanja zakutali, yonenepa, ya ndevu zambiri ndi mano awiri aatali.

"Ndiye bwanji Azungu osangolemba kuti alamu anga?" ndinatero.

Naphiri sanaseke, poti diso lake linali litagwera m'chipewa muja. Anatola chipewa pabondo langa n'kundivundikira nacho pamutu mwamphamvu. "Tiyeni kunyumba, bambo, zakwana." Ndinadzuka mwaulemu wanga wonse, ndipo poti munthu sungatsanzike mkulu wa mpingo chipewa chili kumutu, ndinachivula n'kuwerama. Kutentha kwa Okutobala, chingamu chinali chitasungunuka. Kapepala kanatsala nenene padazi! A Tembo anavala magalasi, n'kuwerenga ali pompo, ine chiweramire: "Eya, ya Lachiwiri iyi."

Pano mvula yayamba, ndipo Lamulungu lililonse mundipeza m'matope ndikupalasa nyama ya ndevu ija kupita kutchalitchi, iyo ili phee kumbuyo ndi ambulera, n'kumakuwira aliyense wodutsa kuti, "Patukani, feteleza akudutsa!" Asekeni. Iwo nyuzi ya Lolemba ija ikanawatengera mpaka Lachisanu.

Timabokosi sindidzatikhudzanso, ndalumbira. Ndipo ndikadzaberanso masewera ena alionse, ndidzayamba ndafunsa kaseweredwe kake.