Zidole Zinandisamutsa ku Kawale

Mpaka lero minibasi ikamadutsa ku Kawale ndimayang'ana kumbali. Kumeneko ndinali ndi nyumba ya lendi yabwino, ya simenti, magetsi ake, mpope pabwalo pomwepo, ndipo ndinachokamo chifukwa cha zidole. Inde, zidole, bambo wandevu ngati ine. Sekani, anzanu anaseka kale.

Zinayambira pa kaunjika. Zaka zimenezo mabelo ankabwera ndi tianthu tapulasitiki, asilikali ndi zimphona zogwetsana, topindika m'mawondo ndi m'zigongono. Ndinkatola kamodzikamodzi mpaka ndinalanda shelefu yapamwamba ya disipule, kabati yathu yagalasi, mbale za alendo n'kutsikira pansi (mayi a kunyumba sanandikhululukirebe).

Chimene chinkandisowetsa mtendere ndi kaimidwe. Ukakaimika, kagwa. Ukakamata chingamu kuphazi, kaima, koma kouma gwa ngati munthu wojambulitsa chithunzi cha pa chiphaso. Zinkandinyansa zedi. Munthu wamoyo saima choncho. Thupi limalemera mwendo umodzi, khosi limapendekeka, dzanja limafuna pogwira. Ndiye ndinati ndiphunzire kwa anthu enieni. Ndikaweruka kuntchito ndinkakhala pakhonde, n'kumaonerera mmene anzanga a pa poloti amaimira.

Woima bwino kuposa onse anali alandilodi athu, bambo a dazi ndi mimba yawo. Nthawi zambiri ankapezeka kumpope akucheza ndi mayi wina wogulitsa mandasi, wa nyumba yakumapeto. Dzanja limodzi atatsamiza kukhoma, mwendo atapingasa, mutu ataweramitsa pang'ono. Mayiyo beseni m'chiuno, nkhope kumbali, chala chakuphazi chikukanda pansi. Ine m'mutu munangodzaza mawondo ndi zigongono. Ndinkati akukambirana za mpope wodontha (ndikulumbira, ndimo ndinkaganizira).

Mwa zimphona zanga munali china chadazi. Ndinachitsamiza dzanja kugalasi, n'kuchipingasa mwendo. Kachidole kachikazi ndinali nako kamodzi kokha. Ndinakakulunga kansanza ngati chitenje, chitsekerero cha botolo m'chiuno ngati beseni. Abale, zinakhala zamoyo! Ndinaitana mayi a kunyumba kuti adzayamikire.

"Chotsani zimenezo," anatero osaseka n'komwe.

"Bwanji? Taonani mmene zaimira."

"Ndaona. N'chifukwa chake ndikuti chotsani."

Ndinati ndi nsanje ya shelefu basi. Sindinachotse.

Loweruka lina akazi a alandilodi anabwera kudzabwereka sefa. Alendo ena akaona zidole ankangoti "koma bambo inu!" n'kumapita. Awa anaima. Anasendera pafupi mpaka mpweya wawo unachita nthunzi pagalasi.

"Bambo a kuno, ameneyu ndi ndani?"

"Chidole chabe, amayi. Cha pa kaunjika."

"Dzanja ili ndikulidziwa ine. Mwendo uwu ndikuudziwa. Ankandiimira chonchi pachitsime ku Dedza ndisanawalole." Chala chawo chinasunthira pa kachikazi kaja. "Nanga wa beseniyu?"

Apa munthu wanzeru akanangokomoka. Ine, chitsiru, ndinayamba kufotokoza luso. "Mukuona amayi, mkazi akamachita manyazi, phazi limakhala..." Mayi a kunyumba anandiponda chala, koma madzi akatayika saoleka. Akazi a alandilodi aja anatsegula okha disipule, anazula zidole ziwirizo ndi chingamu chomwe, n'kuzimanga pa chitenje. Sefa anaiiwala.

Phokoso la tsiku limenelo analimva ndi a ku Biwi. Mawa lake kunabwera ankhoswe a banjalo, ine n'kuitanidwa ngati mboni. Tangoganizani, akuluakulu a majekete atakhala mwaulemu, pakati pa tebulo pali zidole zanga. Choipitsitsa, zinali zitapindikapindika m'chitenje muja, ndiye nkhoswe ya kuchikazi inati, "Aphwanga, taziimikaninso mmene zinalili, nafenso tione."

Ndinaziimika, alandilodi akundiyang'ana ngati ndawabera mbuzi. Ndikanatha kulakwitsa dala mwendo umodzi, nkhani n'kufera pomwepo. Koma zala zanga sizidziwa kuimika moipa. Nkhoswe ya kuchimuna, mchimwene wawo weniweni wa alandilodi, inayang'ana kamodzi, n'kungoti, "Ndi iyeyu," maso n'kuponya kudenga.

Anakambirana, anadzudzulana, alandilodi anapepesa, banja linakhalanso m'malo. Mayi wa mandasi anati iye chibadwire sanaimepo choncho, ndipo anamusiya. Ine mtima unayamba kukhala pansi, mpaka ndinkadikira zikomo. M'malo mwake anafika pa funso loti moto wonsewu anayatsa ndani, ndipo makosi onse anatembenukira kwa ine.

"Miseche ya pakamwa timaidziwa," anatero alandilodi. "Koma ya m'galasi, yoonetsa aliyense wolowa m'nyumba? Mwezi ukatha mupeze kwina."

Ndinayang'ana akazi awo, amene ndinawatsegula maso, kuti mwina andiikire kumbuyo. Anapukusa mutu.

"Munthu woyang'anitsitsa chonchi sitingakhale naye pa poloti. Mawa adzaimika ine."

Wolakwa anatsala m'nyumba mwake, wa beseni anatsala m'mwake, wonyamula katundu pa lole ndinali ine. Zimandipsetsa mtima mpaka pano. Tinakagwera ku Chinsapo, nyumba ya zidina, madzi okagula patali.

Akuti phunziro lake n'lakuti ndisiye kuyang'ana anthu. Ndayesetsa. Koma landilodi watsopanoyu ali ndi kaimidwe kena kake akamapatsa moni mkazi wa aneba, manja kumbuyo, chidendene chikudzukadzuka, ndipo ndili ndi msilikali wina amene akanakhoza bwinobwino. Kiyi wa disipule mayi a kunyumba amayenda naye pa mfundo ya chitenje, ngakhale popita kutchalitchi.