Achule Anga, Mpiru wa Bitoni

Lolemba
Uthenga wadzera kwa mayi a kunyumba, poti mkamwini sayang'anizana ndi apongozi. Dimba lalikulu la kumtsinje, losaphwa madzi lija, apongoziwo aligawa Lamulungu tikaweruka kutchalitchi. Tikulimbirana awiri, ine ndi Bitoni, mkamwini mnzanga amene anakwatira mng'ono wa akazi anga. Amene kadimba kake ka mpiru kakuoneka bwino, ndiye atenge.

Pamudzi pano ndinayamba kufika ndine. Bitoni wabwera dzanadzanali ndi kachikwama kamodzi, koma dzina lake silichoka pakamwa pa apongozi. Ndasuzumira kwake. Mpiru wobiriwira, masamba ngati mbale. Mtima ukundiwawa, sindibisa. Koma uve wake! Achule, akangaude, chisa cha mavu pampanda. Ine ndimugonjetsa ndi ukhondo.

Lachiwiri
Ntchito ya lero m'dimba mwanga:
mavu, ndawatentha ndi udzu
akangaude, ndasesa ndi ukonde womwe
tchire la m'mbali, ndalambula lonse
achule, ndatolera m'ndowa

Achulewo ndakawakhuthulira m'dimba la Bitoni, mwini wake atapita ku Njuli pa kabaza. Amudyere mpiruwo, tione ngati apongozi amutamandebe. Kwanga kwayera mbee, ngati pabwalo la chipatala cha ku Ndunde.

Lachitatu
Masamba anga ali ndi timabowo. Kunsi kwake mbozi, kunsonga nsabwe, m'mizere nkhono. Zinalipo kale apo ndi apo, koma lero zaitana ndi abale omwe.

Bitoni akundipatsa moni pampanda, mano onse panja. "Akulu, ine Mulungu wandikumbuka. Achule angondichulukira, nkhono zonse zatha."

Ndawafotokozera mayi a kunyumba. Akuti, "Chule sadya mpiru, bambo, amadya zodya mpiru. Mavu nawonso amanyamula mbozi. Mwathamangitsa aganyu osafuna malipiro, ena mwakamutulira mnzanu." Ndiye kuti nawonso ali mbali ya Bitoni.

Lachinayi
Nzeru zabwera. Mbozi mdani wake ndi nkhuku. Ine nkhuku ndilibe, choncho ndabwereka thadzi la apongozi ndi anapiye ake. Kubwereka kwake n'kosawauza.

Poyamba zinthu zikuyenda. Anapiye akujompha mbozi, ine ndakhala pachitsa, m'maganizo ndikuyeza kale dimba la kumtsinje. Mbozi za m'munsi zitatha, thadzi layamba mpiru. Kenako lapalasa nazale yonse. Ndikaliingitsa uku, likutulukira uko.

Nkhuku za Bitoni bwanji sizichita zimenezi? Munthuyu ngakhale ziweto zimamukondera.

Lachisanu
Nkhuku za apongozi zija ndazibweretsanso, poti mbozi zikadalipo. Nthawi ino ndikulondera thadzi ndi kamtengo. Maso anga ali pansi, osadziwa kuti wina akulondera kumwamba. Kabawi! Watsika kamodzi, mwanapiye wapita. Enawo athamangira kumpanda kukabisala, koma abisala pati, tchire ndinalambula ndekha? Wabweranso, watenga wina.

Ndakhala pansi kulondoloza mmene zayendera:
dzuwa ndi madzi anga zalera mpiru
mpiru wanenepetsa mbozi
mbozi zanenepetsa anapiye
anapiye ali m'mimba mwa kabawi

Thukuta langa lonse likuuluka kulowera kuphiri la Chiradzulu. Aliyense wadyapo mnzake, ine mwini wake ngakhale tsamba limodzi sindinalawe.

Loweruka
M'mawa ndalowa kwa Bitoni ndi ndowa kukatenga achule anga. Ndi anga, sikuba. Wandipeza nditagwada m'matope.

"Akulu, mukadangonena, ndikadakugawirani." Wandigwirira yekha ena onenepa, n'kundiperekeza mpaka pampanda. Ulemu wake umenewu ndi umene umandinyansa. Bwenzi atanditukwana, ndikadapeza pomuyambira.

Ndawaika m'mizere mwanga. Ayang'ana uku ndi uku, mthunzi palibe, pobisala palibe. Pofika masana onse adumpha kubwerera kwa Bitoni.

Kunyumba apongozi akuitana anapiye awo ndi madeya m'manja, akuwerenga, kenako akuwerenganso. Ine ndadzera kuseri kwa nkhokwe.

Lamulungu
Kutchalitchi Bitoni akuimba besi. Ngakhale mawu ali nawo.

Titaweruka apongozi ayendera madimba, ife akamwini titaima patali. Kwa Bitoni achedwako, mpaka athyola ndiwo. Kwanga angoima pakhomo, ayang'ana mapesi, n'kufunsa mwana wawo, mayi a kunyumba, ngati ndinadzala mpiru kapena sefa. Za anapiye akuti tikambirana kudzera kwa ankhoswe.

Dimba la kumtsinje ndi la Bitoni.

Madzulo wabwera, chipewa m'manja. Akupempha zotsalira za mpiru wanga kuti akapatse mbuzi zake, poti dimba latsopanoli lifuna manyowa ambiri. Ndazula zonse, ndamanga mtolo. Akuti msana ukumuvuta. Ndamusenzera mpaka kukhola.