Burashi Imene Inaimitsa Lole ya Ulere

Iwe wakhala kumapeto kwa benchi, ndakumva ukunong'ona kuti manyepo a sekuru ayamba, kunena kuti mabodza a agogo. Tseka pakamwa ntchentche zingalowe. Ine Botomani Mbewe sindinanamepo chibadwire, kupatula kwa kapitawo, ndipo kunamiza kapitawo si tchimo. Mumati dzanja ili limanjenjemera ndi ukalamba, koma ine ndikuti limanjenjemera chifukwa likukumbuka ntchito yake, pakuti dzanja lomweli linaimitsa lole yodzaza anthu pogwiritsa ntchito kaburashi kochepa ngati chala changa chaching'onochi. Mukumva? Ikani fodyayo pansi, masamba sathawa.

Munali m'masiku a Chitaganya, ine ndili khukhi kunyumba ya mzungu pa pulazi ina ya fodya kuseri kwa Macheke. Ndinali nditakatenga agogo anu aNachisale kwathu ku Dedza, awo akumanga fodya kumzere wa amayi ukowo. Chaka choyamba analimba mtima. Chaka chachiwiri anayamba kuwonda, kudya kosadya, kuseka osaseka, ntchito kungokhala pakhomo mu komboni maso ali kumene kuli kwathu. Tsiku lina anandiuza osandiyang'ana n'komwe: "A Mbewe, kuno kulibe phiri langa, kulibe dambo la amayi, ngakhale udzu wake ndi wachilendo. Fodya akangotha, ine ndikukwera ulere." Ulere inali lole yonyamula anthu a ku Nyasalande osalipira, kubwera nawo kuno n'kumawabweza. Ine ntchito inali itandimanga, sindikanatha kuwatsatira, ndipo ndinkadziwa kuti mkazi akakwera ulere yekha sabwerera. Ndinachita mantha, ndikunena poyera, ine amene ndinkatola nkhanira ndi manja.

Tsono mkazi wa mzungu uja, tinkangoti Adona, ankajambula zithunzi pakhonde ndi utoto wosungunula m'madzi, ndipo kutsuka maburashi awo inali ntchito yanga. Tsiku lina ndikutsuka ndinapeza imodzi ubweya wake uli wopendekera, uku wautali uku waufupi, wosongoka ngati nsonga ya mpeni. Ndinati kalanga ine, makoswe aidya mbali imodzi. Monga munthu wosamala zinthu za abwana, ndinatenga sizasi n'kuidula bwinobwino kuti ilingane, n'kuiika pamwamba pa zinzake kuti aione msanga andiyamike. Anaiona msangadi. Mfuu imene anakuwa Adona tsiku limenelo, nkhuku za mapulazi atatu zinasiya kuikira sabata yathunthu, ng'ombe zinabweza mkaka, ndipo wotchi ya m'chipinda chodyera inayamba kuyenda chambuyo mpaka Lachinayi. Burashi ija inapangidwa choncho dala, inali burashi yampeni, ndipo ina inayenera kuchokera ku Halale.

Itafika yatsopano, Adona anandiitana kuti ndione chimene ndinawononga. Anaiviika mu utoto wobiriwira, anagunda pepala ndi kukamwa kwake kokha, panatuluka mzere woonda ngati tsitsi. Anaigoneka pamimba, mzere uja unafutukuka n'kukhala tsamba. Kenaka anaipotoza pang'ono pakati pa zala akukoka, ndipo pa pepala panaima udzu wautali wowerama ndi mphepo, kukoka kumodzi basi. Iwo ankati akundichititsa manyazi. Ine ndinkaona tsekera wa kudambo kwa apongozi anga, ndipo mumtima ndinati ngati aNachisale akufuna kupita ku Dedza, ine ndibweretsa Dedza kuno.

Burashi yoduladula ija anaitaya m'bini, ine n'kuitola. Ndinaisonga ndi lumo kuti ipendekerenso, koma ubweya unali utafupika, ndipo Adona anali atanena kuti ubweya wake ndi wa gologolo. Ndinapita kuthengo, ndinampeza gologolo, ndinam'thamangitsa kuchokera kuseri kwa mabani a fodya, kudutsa dambo, kulumpha waya wa pulazi yoyandikana, kukwera mtengo wa msasa, kutsika msasa, kuwoloka njanji, mpaka gologoloyo anaima yekha pachulu ali wefuwefu, anandiyang'ana, anazula yekha ubweya wa kumchira n'kundipatsira m'manja kuti ndimsiye apume. Mukumva? Mpaka lero agologolo a ku Macheke akandiona amakhalira mchira. Ubweya umenewo ndinaumangirira pa mtengo wa burashi ija n'kuusonga ngati mpeni.

Musaganize kuti ndinangogwira n'kudziwa. Utoto ndinalibe, pepala ndinalibe, ndiye ndinkaphunzira ndi madzi wamba pa simenti ya kuseri kwa khitchini, masana azungu akagona. Dzuwa linkafufuta ndisanachite manyazi. Sabata yoyamba ndinkaigwira ngati mthiko, ndipo chimene chinkatuluka ndi nyongolotsi zonenepa. Sabata yachiwiri ndinkaikankha, ubweya n'kumayanzika ngati tsache. Ndinatukwana burashi, ndinatukwana gologolo, ndinatukwana ndi simenti yomwe. Mpaka tsiku lina dzanja litatopa ndinaigwirira kumapeto kwa mtengo wake mosalimbitsa, n'kuikoka m'malo moikankha, ndipo inayenda yokha. Burashi imeneyi safuna mphamvu. Umayamba ndi nsonga, umaigoneka pang'ono, umaipotoza, n'kuinyamula usanapume. Madzi akachuluka imalira misozi, akachepa imakanda. Zimenezi palibe anandiuza, ndinazipeza ndekha ndili chogwada.

Nditazigwira tsono, eee! Udzu umene ndinkajambula ndi madzi masana, pofika madzulo unkakhala utamera, moti wa m'galadeni anakadandaula kwa abwana kuti akutchetcha simenti kawiri pa sabata ndipo wapezamo kale njoka ziwiri ndi chisa cha zinziri. Ndinajambula tsamba limodzi la fodya pakhoma la khitchini, m'mawa mwake nsabwe za fodya zinali zitadzazapo, abwana anatumiza anthu kudzapopera mankhwala, ndipo mzungu wina wogula fodya atalinunkhiza anayetsemula mpaka chipewa chinakagwera m'damu. Mzere wanga unkaonda mwakuti kangaude anadzabwereka umodzi wake utamuthera. Ndipo tsiku lina pofuna kuona kuti burashi imasunga madzi ochuluka bwanji, ndinaiviika kamodzi, n'kukoka mizere iwiri kuchokera pa siteshoni ya Macheke, kudutsa minda, kudutsa komboni, osaviikanso, mpaka pakhomo la khitchini, ndipo sitima ya ku Mutare inasiya njanji yake n'kutsata mizere yangayo, inadzaima pafupi ndi nkhuni ikufuka utsi, woyendetsa anasuzumira pazenera n'kupempha tiyi. Ndinam'patsa, wa mkaka. Ukuseka chiyani iwe? Unalipo?

Koma masiku ankatha. Mabelo a fodya ankachoka, ndipo aNachisale anali atamanga kale kaphukusi kawo n'kukaika pakona, tsiku lililonse ndikalowa m'nyumba kankandiyang'ana. Ndinalimba mtima n'kukapempha Adona pepala. Anandipatsa limodzi lokha, lokhuthala, lowonongeka mbali ina, ndi timatsalira ta utoto m'kachitini. Limodzi! Ndipo utoto wa madzi sukhululuka, ukalakwa walakwa, sufufutika.

Lamulungu titaweruka ku tchalitchi, aNachisale atapita kukazonda wodwala, ndinatseka chitseko n'kuyala pepala pampasa. Ndinayamba ndi phiri la Dedza, ndipo ndisanalimalize m'nyumba munagwa chisanu cha kwathu chija, nkhungu inatuluka pansi pa chitseko, anthu mu komboni anayamba kufunafuna majasi dzuwa likuswa mtengo, anyani anabwebweta kuseri kwa thanthwe limene ndinali ndisanaliumitse n'komwe. Ndinaika mtsinje, mpasa wonse unanyowa, ndinachita kukweza thumba la ufa pampando, ndipo ndinagwiramo matemba odzaza mbale. Pomaliza ndinapukuta manja, ndinapemphera, n'kutenga burashi yampeni kuti ndiike tsekera wa kudambo kwa amayi awo.

Tsiku la ulere linafika. Ine ndinachedwa ndi mazira a abwana, pofika kunyumba kaphukusi palibe. Ndinatenga pepala, ndinathamanga ndili ndi epuloni yomwe, ndinalumpha ngalande, ndinapitirira njinga ya kapitawo ngati yaima, ndinafika kumsewu lole ikubwera ndi fumbi lake, aNachisale atasenza kale phukusi. Ndinaima pakati pa msewu n'kutambasula pepala. Dalaivala anaponda mabuleki mpaka matayala anafuka, akukuwa kuti ndani waika phiri mumsewu, ndipo anthu a ku Dedza amene anali m'lolemo anayamba kutsika ndi katundu wawo, kuthokoza dalaivala kuti wayenda msanga, mayi wina mpaka anayamba kuitana mbuzi zake mayina. Mukumva? Zinatenga maola awiri kuwakweza.

Taonani, agogo anu asiya fodya, akuseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje. Mukuti chiyani aNachisale? Akuti, "A Mbewe, auzeni ana za ng'ombe ija." Amayi awa, zaka zonsezi sanaphunzirebe kusunga ulemu wa mwamuna pagulu.

Chabwino, ndinena za ng'ombe. Lole ija inaima chifukwa pamenepo ndi pamene inkaima nthawi zonse. Phiri lija ndinachulutsa madzi, utoto unayenderera, linatuluka ngati ng'ombe yogona yodwala. Mtsinje unasakanikirana ndi ng'ombeyo. ANachisale analandira pepala, analiyang'ana chozondotsa, analitembenuza, anandifunsa kuti ng'ombeyi ndi ya yani. Anthu a m'lole anaseka, dalaivala analiza hutala, ine ndinafuna kuti nthaka ing'ambike ndilowemo. Ndinadziwa kuti ndaluza mkazi.

Koma pakona ya pansi, kumanzere, panali timaudzu tisanu ndi tiwiri. Pa pepala lonselo ndi tokhato timene tinatuluka monga ndinkafunira, kukoka kumodzi kumodzi, towerama mbali imodzi. ANachisale anasiya kuseka. Anaikapo chala, kenaka anati: "Tsekera uyu ndi wa pamene timachapira ndi amayi. Munamuona liti inu?" Ndinati ndinkamuona masiku amene ndinkabisala m'menemo kudikira kuti mutuluke kudzatunga madzi. Anatula phukusi pansi, anakhalapo, analira ngati mwana. Dalaivala anafunsa kawiri ngati akukwera. Iwo anakhalabe paphukusi pomwepo, ndipo lole inapita.

Dambo limenelo sanalionenso mpaka lero. Amayi awo anaikidwa ife tili kuno, uthenga unatipeza patapita miyezi, ndipo zimenezo zimandipweteka, sindibisa. Ng'ombe ija anaidula n'kuyatsira moto sabata yomweyo. Koma kakona ka udzu kaja kali m'Baibulo lawo pansi pa sutikesi, ndipo ngakhale ine amene ndinajambula sandilola kuti ndikagwire ndisanasambe m'manja.

Ndiye iwe wa manyepo, nditchulire mwamuna wina mu komboni muno amene anatsitsa phukusi pamutu pa mkazi ndi timaudzu tisanu ndi tiwiri. Palibe. Mboni yanga ndi iyo yakhala apoyo, pita ukaifunse. Koma za sitima zija usawafunse, tsiku limenelo anali kumunda.