Jekete ya Pakati pa Ine ndi Apongozi

Lolemba, 4 Seputembala

Uthenga wafika m'mawa kudzera mwa mkazi wanga, mayi a Tadala, monga mwa nthawi zonse. Apongozi ali pakhonde lawo, ine pakhonde langa, pakati pathu pali mtengo wa papaya umodzi basi, koma mawu akuyenda mozungulira: apongozi auza mwana wawo, mwana wawo auza ine. Akuti Loweruka kuli chiliza cha achimwene awo ku Muloza. Akuti minibasi imawasanzitsa. Akuti: “Pakhomo pano pali mota, ine ndizikapanikizana ndi madengu a usipa?”

Mota ndiyo njinga yamoto yanga. Apongozi anakulira tsidya la malire, amaitchula choncho.

Ndavomera. Mkamwini sakana. Malo ndamangapo nyumbawa ndi awo, papaya ndimadyayo ndi wawo.

Vuto ndi limodzi. Chikwatirireni pamudzi pano sindinagwiranepo chanza ndi apongozi. Sitiyang'anana m'maso, tikakumana panjira wina amapatukira m'chinangwa. Tsono mpando wa njinga ndi umodzi, ndipo wakumbuyo amagwira wakutsogolo. Itamveka nkhani yoti apongozi anakumbatira mkamwini kuyambira Likhubula mpaka Muloza, ndingadutsenso pamjigo ine?

Nzeru: pakhale khoma pakati pathu. Zofunika:
– jekete yokhuthala, agwire nsalu osamva nthiti;
– helemeti yachiwiri;
– magolovesi;
– nkhope yaulemu (ndili nayo kale).

Madzulo, kaunjika wa pa Chitakale. Jekete ndaipeza! Yofiira, yotupa ngati matiresi, chipewa chake chaubweya. Anaisoka anthu a kudziko kumene madzi amaundana okha panja. Wogulitsa akuti: “Bwana, iyi mukagwa nayo mumangodzuka n'kumaseka.” Magolovesi apezeka awiri, onse a dzanja lamanja. Ndatenga. Lamanzere lizolowera.

Lachiwiri, 5 Seputembala

M'mawa mphepo ikutsika m'phiri, ikulasa ngati singano. Ine mkati mwa jekete ndili phee ngati khanda kumsana. Anyamata a kabaza pasiteji akunjenjemera m'timalaya tampira. Mmodzi akukuwa: “Bwana kalaliki, ndege mwatsika liti?” Nsanje.

Masana nkhani yasintha. Ntchito yanga ndi kuzungulira m'minda ya tiyi kuyeza masamba, ndipo mthunzi wa tiyi umathera m'chiuno. Thukuta likuyambira m'khosi, likukathera m'masokosi. Ndikutsegula zipi: jekete ikumeza mphepo, ikufufuma, pachitunda njinga ikuganiza zobwerera. Ndikutseka zipi: uvuni wa njerwa.

Mayi wina wothyola tiyi akuuza anzake: “Kalaliki agwidwa ndi malungo, taonani momwe afundiramo.” Wina wandipatsa mandimu awiri.

Phunziro: Mulanje ali ndi nyengo ziwiri patsiku limodzi, jekete ili ndi imodzi.

Koma ubwino ulipo. Kapitawo wandimenya pamsana pondipatsa moni, ndazindikira atabwera kutsogolo kudzadandaula kuti ndikunyada. Khoma likugwira ntchito!

Lachitatu, 6 Seputembala

Tsiku la helemeti. Mlamu wanga Lameki anali ndi njinga kale. Njinga inafa, helemeti inatsala, akuti ili kuseri kwa khitchini ya apongozi.

Ilipodi. Muli nkhuku. Yafungatira mazira, ikundiyang'ana ndi diso limodzi ngati ikudziwa kuti pamudzi pano mlendo ndi ine. Nkhukuyo ndi ya apongozi.

Uthenga woyamba: “Nkhuku yofungatira saisuntha, mazira amasukusa.”

Ndapereka ganizo kudzera njira yomweyo: avale yanga, ine ndibwereka kwina.

Uthenga wachiwiri: “Mmene mumalowa mutu wa mkamwini ine sindilowetsamo wanga.”

Uthenga wachitatu, patapita kanthawi: komanso duku savula.

Ndafunsa anyamata a pasiteji ngati ali ndi helemeti ya okwera. Aseka onse. “Okwera athu amadalira pemphero, bwana.”

Ndachapa yanga ndi sopo, ndaianika padenga. Mwina sopo amachotsa ukamwini.

Lachinayi, 7 Seputembala

Mayeso. Mayi a Tadala akhale apongozi. Malamulo ndawapatsa momveka: gwirani jekete yokha, pamapewa, osati m'chiuno, maso kuphiri.

Tikuzungulira bwalo la mpira. Dzenje loyamba lomwelo andikumbatira, akuseka mpaka misozi. “Ine ndiye ndagwira mwachifundo. Mayi anga adzakuthyolani nthiti, simunawaone akufinya zochapa.”

Nzeru yachiwiri: thumba la zinanazi likhale pakati pathu. Kuchiliza sapita chimanjamanja, ndiye mphatso ikhalenso mpanda. Tayesa. Ine sindikumva kanthu (jekete!), koma mayi a Tadala atsika akudzisisita pamimba, akunyoza zinanazi, mwini munda, ndi amene anandiphunzitsa kusekondale.

Zinanazi zikhala kutsogolo, pathanki.

Apongozi aonerera zonsezi ali kuseri kwa nthochi, akunamizira kusadza masamba. Mayi a Tadala akuti afunsa funso limodzi lokha: “Chofiiracho, mkati mwake n'chofewa?” Ndasangalala. Ayamba kuikhulupirira nzeru yanga.

Lachisanu, 8 Seputembala

Chiperoni! Phiri lasowa, nsonga ya Chambe yasowa, ngakhale chimbudzi chikuoneka mwakungoganizira. Mawawa akugwa chammbali. Ndadzuka mokondwa: lero jekete ionetsa chimene inabadwira.

Pamsomali palibe.

Ndikusuzumira pazenera. Pakhonde la apongozi pakhala chinthu chofiira, chotupa, chikusenda chinangwa. Ubweya wazungulira nkhope, duku likusuzumira pamwamba.

Mayi a Tadala: “Amatsokomola. Ndangowabwereka pang'ono.”

Pang'ono! Ndani anavulapo chovala pathupi pa apongozi? Ndipo atabweza kumene, lamulo la Lachitatu limadula mbali zonse: mmene mwalowa apongozi, mkamwini salowamo.

Zovala za kuntchito lero:
– malaya awiri;
– katoni ya sopo pachifuwa, mkati mwa malaya (nzeru ya anyamata a kabaza, ndipo imatchingadi mphepo);
– magolovesi amanja awiri, jumbo pamwamba pake;
– helemeti yosauma bwino.

Wa pasiteji uja: “Bwana, ndege yabwerera ndi katundu wake?”

Madzulo mauthenga awiri. Wabwino: nkhuku yaswa, yatuluka ndi anapiye, helemeti ya Lameki ili pa ufulu. Winawo: apongozi alingalira mozama, apeza kuti helemeti yochapidwa ndi sopo ilibe mlandu. Avala yanga. Ine ya nkhuku.

Loweruka, 9 Seputembala

Ndakutumula udzu ndi makoko a mazira m'helemeti ya Lameki. Ndavala. Za fungo sindilemba.

Kukuzizirabe. Apongozi akwera chammbali: jekete, duku, helemeti pamwamba pa duku ngati mtsuko pankhata. Agwira chitsulo cha kumbuyo, maso kuphiri. Zinanazi pathanki. Ndikudzitonthoza kuti khoma lilipobe, kungoti mwalowa munthu wina. Ndikuyenda mwaulemu kwambiri moti njinga zakapalasa zikutipitirira, ina yonyamula mbuzi.

Pa Chitakale mutu wayamba kuyabwa. Pa boma ukuyaka. Utitiri! Nkhuku inasamuka, alendi ake anatsala. Kukanda sikutheka: manja ali pachiwongolero, helemeti yamangidwa, kumbuyo kuli apongozi. Ndikungogwedeza mutu. Apolisi a pamsewu ayesa ndikuwapatsa moni, atikwezera dzanja tidutse. Njinga yokhala ndi mahelemeti awiri saiona kawirikawiri.

Kupitirira minda ya tiyi chiperoni chatheratu, dzuwa latuluka lonse. Katoni yafewa ndi thukuta, yamata pachifuwa. Utitiri wamva kutentha, wayamba msonkhano. Dzanja lapotokola mafuta lokha. Hampu ya pamsewu sindinaione.

Gu! Zinanazi m'mwamba, apongozi m'mwamba, kenako mikono iwiri yofiira yandizinga m'chiuno. Za nthiti zija mayi a Tadala sananame.

Ndikuchepetsa liwiro. Ndikudikira kuti dziko lithe. Ndiye kumbuyo kwa khutu kukumveka mawu, olunjika kwa ine, osadzera mwa munthu, koyamba chikwatirireni:

“Akamwini, mwachepetseranji? Motayi ilibe giya ina?”

Ili nayo.

Ku Muloza kukutentha moti agalu sakuuwa alendo. Apongozi jekete savula. Apita nayo kumanda, aimba nayo, adya nayo, thukuta lili kamukamu. Abale akubwera mmodzimmodzi kudzaisisita ubweya. Ndikuwamva ndili pansi pa mtengo wa mango, ndikukanda mutu mwaulemu: “Andigulira akamwini anga. Amayendetsa bwino, kungoti amantha pang'ono.”

Pobwerera chitsulo cha kumbuyo sanachikhudze n'komwe.

Lamulungu, 10 Seputembala

Ndameta mpala. Kutchalitchi anthu akundigwira chanza mwachisoni, akufunsa kuti watisiya ndani.

Nkhani yafika kale pamjigo, inatsogola ife tisanafike. Amayi aizukuta mbali zonse ndipo agamula: palibe cholakwika, popeza pakati panali jekete, ndipo jekete yake onse aiona kukhuthala. Nzeru yanga yagwira ntchito. Mwini nzeru ndi amene wazizidwa.

Katundu wotsala:
– magolovesi awiri a dzanja lamanja;
– katoni, yophwanyika;
– helemeti ya Lameki, koma nkhuku ina yayamba kale kuizungulira.

Yanga ija ili pamsomali m'nyumba ya apongozi. Popeza mwalowa mutu wawo, nkhani yatha.

Masana, dzuwa lili paliwombo, apongozi ali pakhonde lawo mu jekete. Ine pakhonde langa. Sakundiyang'ana, sindikuwayang'ana, ngati dzulo kunalibe. Mawu abwerera njira yakale. Mayi a Tadala abwera ndi papaya wakupsa m'mbale, wosenda kale, ndi uthenga: akuti ku Phalombe kuli mdzukulu wobadwa kumene, sanamuone. Loweruka. Akuti tidzanyamuke m'mamawa, kukadali kozizira bwino.

Papayayo ndi wotsekemera. Mawa ndikapempha katoni ina kugolosale, yokhuthala.